Mmene Asayansi Amatulutsira Mafuta m'Chiwindi cha Nsomba

M'mafamase ambiri a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu mumapezeka timabotolo ta mafuta achikasu tolembedwa kuti cod liver oil. Ena amagula amadzimadzi oyezera pa supuni, ena amakonda a m'makapisozi chifukwa fungo lake silivutitsa pakhosi. Ogula ambiri amadziwa kuti mafutawa ndi a nsomba, koma ndi ochepa amene angafotokoze mmene amachokera m'chiwindi mpaka kufika m'botolo. Kwa ife ophunzira nkhaniyi si yapatali. Amene mukuchita maphunziro a labotale mudzakumana ndi mayina a Soxhlet, Folch komanso Bligh ndi Dyer pa mayeso ndiponso pa ntchito. Amene mukuphunzira unamwino ndi zachipatala, tsiku lina mayi woyembekezera adzakufunsani ngati angamwe mafutawa, ndipo yankho lanu lidzakhudza miyoyo iwiri.

Chifukwa chiyani chiwindi?

Nsomba zimasiyana malo amene zimasungira mafuta. Zina, monga makerele ndi sadini, zimasunga mafuta m'mnofu momwemo. Nsomba ya cod, imene imakhala m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, mnofu wake ndi woyera ndipo mafuta ake safika gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Nkhokwe yake ndi chiwindi. Pa nyengo imene yanenepa, theka la kulemera kwa chiwindicho, kapenanso kuposa, limakhala mafuta okhaokha.

M'mafutawa muli vitamini A ndi vitamini D, amene amasungunuka m'mafuta koma m'madzi ayi. Mulinso mafuta a gulu la omega-3, makamaka awiri otchedwa EPA ndi DHA. Asodzi a ku Norway, Iceland ndi Scotland ankamwa mafutawa kalekale asanadziwe zimene zili m'kati mwake. Sayansi inadzawapeza pambuyo. Mu 1919 Edward Mellanby wa ku Britain anaonetsa kuti tiana ta agalu todwala matenda ofewetsa mafupa, amene pa Chingerezi amati rickets ndipo amapinda miyendo ya ana, tinkachira tikapatsidwa mafuta a cod. Mu 1922 Elmer McCollum wa ku America anatenthetsa mafutawa uku akupopera mpweya m'kati mwake mpaka vitamini A yense atawonongeka, koma anaona kuti mphamvu yochiza mafupa inalipobe. Apa anazindikira kuti muli chinthu chinanso, chimene chinadzatchedwa vitamini D.

Njira zakale

Poyamba asodzi ankangoponya ziwindi m'migolo ndi kuzisiya kwa milungu kapena miyezi. Ziwindizo zikamaola, mafuta ankayandama pamwamba, anthu n'kumatunga. Mafutawo ankakhala oderako, onunkha, ndipo kumeza kwake kunali chilango. M'zaka za m'ma 1850 Peter Möller, katswiri wa mankhwala wa ku Norway, anayamba kutenthetsa ziwindi zatsopano ndi nthunzi. Kutentha kumaphulitsa maselo a chiwindi, mafuta n'kutuluka chiwindicho chisanaole. Mafuta ake anali oyera ndi opepuka fungo. Mpaka lero mafakitale ambiri a mafuta a cod amadalirabe kutentha, kenako makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa mafuta, madzi ndi zotsalira.

Ngati nthunzi ikugwira ntchito chotere, mankhwala osungunulira amafunikiranji? Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, si ziwindi zonse zimene zimataya mafuta mosavuta. Chiwindi cha nsomba ya halibut chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri kuposa cha cod, koma mafuta ake ndi ocheperapo ndipo amamatirira ku mapuloteni. Nthunzi yokha imasiya vitamini wambiri m'zotsalira, motero mafakitale a m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ankagwiritsa ntchito zosungunulira kapena kuyamba aphwanya mapuloteniwo ndi mankhwala a soda. Chachiwiri, wasayansi amene akufuna kudziwa kuchuluka kwenikweni kwa mafuta m'chiwindi ayenera kuwatulutsa onse, popanda kusiyako. Nthunzi singathe zimenezo.

Chosungunulira n'chiyani?

Makanika akadetsedwa ndi girizi m'manja, madzi okha samuthandiza. Amatenga parafini pang'ono, girizi n'kusungunuka. Wopenta nayenso amatsuka burashi yake ndi thina. Lamulo lake ndi lakuti zinthu zofanana chibadwa zimasungunulana. Mamolekyu a madzi ali ndi mbali ziwiri za mphamvu ya magetsi, ndipo amakokana ndi zinthu zonga iwo, monga mchere ndi shuga. Mamolekyu a mafuta alibe mbali zoterozo, n'chifukwa chake mafuta amayandama pa madzi koma amalowerera bwinobwino mu parafini.

Chosungunulira chabwino chotulutsira mafuta chiyenera kulowa m'maselo, kunyamula mafuta, kenako kuuluka mosavuta chikatenthedwa pang'ono kuti mafuta atsale okha. N'chifukwa chake asayansi amasankha mankhwala owira msanga kuposa madzi. Hekiseni amawira pa madigiri 69, kolorofomu pa madigiri 61, methanolo pa madigiri 65, pomwe madzi amafuna madigiri 100.

M'chiwindi muli mitundu iwiri ikuluikulu ya mafuta. Wochuluka ndi uja wosungidwa ngati chakudya cha mtsogolo, umene umakhala m'timadontho m'kati mwa selo. Wina ndi umene umamanga khungu la selo lenilenilo, wotchedwa phospholipid, ndipo umagwirana ndi mapuloteni ndi madzi. Hekiseni amatenga mosavuta mtundu woyambawo koma wachiwiriwu amausiya wambiri. Kusiyana kwa njira zitatu zotsatirazi kwagona pamenepa.

Njira ya Soxhlet

Mu 1879 Franz von Soxhlet, katswiri wa sayansi ya zaulimi, anafalitsa chida chagalasi choyezera mafuta a mu mkaka. Chidachi chili ndi zigawo zitatu zosanjikizana. Pansi pali fulasiki yokhala ndi chosungunulira, pakati pali chipinda choikamo chinthu chimene mukuyeza, ndipo pamwamba pali paipi yozizira imene madzi amayenda mozungulira.

Chiwindi chimayamba chaumitsidwa kapena kusinjidwa pamodzi ndi mchere woyamwa madzi wa sodium sulphate, chifukwa hekiseni salowa m'nyama yonyowa. Kenako chimaikidwa m'kachikho ka pepala lochindikala n'kulowetsedwa m'chipinda chapakati. Fulasiki ikatenthedwa, hekiseni amasanduka nthunzi, amakwera, amazizira pamwamba paja n'kudonthera pa chiwindi. Chipinda chikadzaza kufika pa mlingo wake, kapaipi kopindika ka m'mbali kamakoka madzi onsewo kuwabwezera m'fulasiki atanyamula mafuta. Hekiseni amawiranso, koma mafuta sauluka, amatsala pansi. Motero chiwindi chimasambitsidwa mobwerezabwereza ndi hekiseni woyera kwa maola angapo, kawirikawiri 6 kapena kuposerapo.

Tiyerekeze kuti munayamba ndi magalamu 10 a chiwindi, ndipo fulasiki yopanda kanthu inalemera magalamu 120. Mukaulutsa hekiseni yense, fulasikiyo ikulemera magalamu 125.2. Ndiye kuti mafuta ndi magalamu 5.2, kapena kuti magawo 52 pa 100 alionse. Masamu ake ndi ophweka chotero. Vuto la njirayi ndi kutentha kwa nthawi yaitali, kumene kumawononga vitamini A ndi omega-3. Ndi yabwino pofuna kudziwa kuchuluka kwa mafuta, koma siyenera kwenikweni pofufuza ubwino wake.

Njira ya Folch

Jordi Folch anabadwira ku Barcelona ndipo ankafufuza za ubongo pa chipatala cha McLean, kufupi ndi Boston. Ubongo uli ndi mafuta ambiri a mtundu womanga maselo uja, choncho ankafuna njira yowatulutsa onse. Mu 1957, iye pamodzi ndi anzake Lees ndi Sloane Stanley anafalitsa njira yosakaniza magawo awiri a kolorofomu ndi gawo limodzi la methanolo. Methanolo amamasula mafuta ku mapuloteni ndipo amagwirizana ndi madzi a m'nyama, pomwe kolorofomu amanyamula mafuta amene amasukawo. Kutentha sikufunika, ndipo nyamayo siyenera kuumitsidwa.

Pa galamu imodzi ya chiwindi pamafunika mamililita 20 a msanganizowu. Mukapera ndi kusefa, mumathira madzi a mchere okwana gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene mwasefazo, n'kukhutchumula. Zikadikha zimagawika pawiri. Pamwamba pamakhala madzi ndi methanolo zitanyamula shuga, mchere ndi zina zosafunika. Pansi pamakhala kolorofomu ndi mafuta, popeza kolorofomu ndi wolemera pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa madzi. Wophunzira woiwala mfundo imeneyi amataya gawo lapansi poganiza kuti mafuta amayandama nthawi zonse, ntchito ya tsiku lonse n'kupita nayo m'botolo la zinyalala.

Njira ya Bligh ndi Dyer

Patangopita zaka ziwiri, mu 1959, E. G. Bligh ndi W. J. Dyer a ku labotale ya zansomba ya ku Halifax, m'dziko la Canada, anafupikitsa njira ya Folch. Iwo ankayeza mnofu wa cod wouma ndi chisanu m'mafiriji ndipo ankafuna njira yachangu, yosadya mankhwala ambiri. Anazindikira kuti madzi amene ali kale m'nsomba, pafupifupi magawo 80 pa 100, akhoza kuwerengedwa ngati mbali ya msanganizo.

Pa magalamu 100 a nsomba ankathira mamililita 100 a kolorofomu ndi 200 a methanolo n'kupera kwa mphindi ziwiri. Pa mlingo umenewu zinthu zitatuzi zimasakanikirana kukhala chimodzi, ndipo zimafika paliponse m'nyamayo. Kenako ankawonjezera mamililita 100 a kolorofomu, pambuyo pake mamililita 100 a madzi, ndipo msanganizowo unkagawika pawiri monga zimachitikira m'njira ya Folch. Ntchito yonse inkatha m'mphindi zochepa.

Pali chenjezo limene ambiri amalidumpha. Njirayi inakonzedwera mnofu wopanda mafuta ambiri. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti nyama ikakhala ndi mafuta oposa magawo 2 pa 100, njira ya Bligh ndi Dyer imapereka chiwerengero chotsika kuposa choona, chifukwa kolorofomu wochepayo amalephera kunyamula mafuta onse. Chiwindi cha cod chili kutali kwambiri ndi malire amenewo. Wochiyeza ayenera kuchepetsa chiwindi, kuchulukitsa mankhwala, kapena kungobwerera kwa Folch.

Kuulutsa chosungunulira ndi kusunga mafuta

Njira iliyonse imathera pa kuchotsa chosungunulira. Malabotale ambiri amagwiritsa ntchito makina otchedwa rotary evaporator, amene amazunguza fulasiki m'madzi ofunda uku akupopa mpweya kuuchotsa m'katimo. Mpweya ukachepa, mankhwala amawira pa kutentha kotsika, monga madigiri 40, ndipo mafuta sapsa. Nthunzi ya mankhwalawo imaziziritsidwa n'kusonkhanitsidwa kuti idzagwirenso ntchito.

Mdani wamkulu wa mafuta a nsomba ndi okosijeni. EPA ndi DHA zimagwirana naye msanga, makamaka pakakhala kuwala, kutentha kapena tizidutswa ta chitsulo ndi kopa. Zotsatira zake ndi fungo lija la usipa wokhalitsa m'thumba. Pa chifukwa chimenechi mafuta otulutsidwa amapoperedwa mpweya wa nayitrojeni, amaikidwa m'mabotolo oderako ndipo amasungidwa pozizira. Muyezo wa bungwe la Codex Alimentarius wa mafuta a nsomba, umene unakhazikitsidwa mu 2017, umati chiwerengero cha peroxide, chosonyeza kuyamba kuwonongeka kwa mafuta, chisapitirire 5.

Kuopsa kwa mankhwalawa

Palibe ndi chimodzi chomwe mwa zosungunulira zitatuzi chimene chili chochezeka. Hekiseni amayaka msanga kuposa parafini, ndipo nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, motero imayenda chokwawa pa tebulo mpaka kukapeza moto umene uli patali. Soxhlet siyenera kutenthedwa ndi lawi la moto, koma ndi chotenthetsera chamagetsi kapena madzi otentha. Munthu wopuma hekiseni kwa miyezi yambiri amawonongeka mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, n'kumamva dzanzi ndi kufooka. Kolorofomu amagonetsa, amawononga chiwindi ndi impso, ndipo ali m'gulu la mankhwala amene akuganiziridwa kuti angayambitse khansa. Akakhalitsa pa kuwala ndi mpweya amatulutsa poizoni wotchedwa phosgene, n'chifukwa chake amasungidwa m'mabotolo oderako. Methanolo amaoneka ngati mowa wamba, koma wochepa chabe amachititsa khungu kapena imfa.

Ntchito yonseyi iyenera kuchitikira m'kabati yokoka nthunzi, munthu atavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi oyenera. Zotsala siziyenera kuthiridwa m'sinki, chifukwa paipi ya sinkiyo ikathera mumtsinje umene wina akutungamo madzi akumwa. Ndipo pasapezeke munthu woyesa zimenezi ku hositelo kapena kumudzi ndi petulo kapena parafini. Mafuta a galimoto ndi a nyale ali ndi zinthu zambiri zapoizoni zimene sizichoka ngakhale mutawiritsa motani.

Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Njira za Folch ndi Bligh ndi Dyer ndi zoyezera basi, ndipo mafuta otuluka mmenemo sadyedwa. Pa zakudya, chosungunulira chofala ndi hekiseni, amenenso mafakitale padziko lonse amatulutsira mafuta ophikira a soya. Amachotsedwa ndi nthunzi mpaka kungotsala kadontho kosaoneka. Malamulo a mayiko a European Union salola kuti hekiseni wotsala m'mafuta odyedwa apitirire miligalamu imodzi pa kilogalamu.

Njira zosaopsa kwambiri

Asayansi akhala akufunafuna zolowa m'malo mwa kolorofomu. Mu 1978 Hara ndi Radin anafalitsa msanganizo wa magawo atatu a hekiseni ndi awiri a isopropanol, umene uli ndi poizoni wocheperapo. Ena amagwiritsa ntchito ethanolo. Njira ina yochititsa chidwi ndi ya kaboni dayokisaidi, mpweya womwe uja timapuma potulutsa. Ukatenthedwa kupitirira madigiri 31 ndi kupanikizidwa kuposa maulendo 73 a mphamvu ya mpweya wotizungulirawu, umalowa m'nyama ngati mpweya koma umasungunula mafuta ngati madzimadzi. Akamasula mphamvuyo umangouluka, osasiya kanthu m'mafuta. Chovuta ndi mtengo wa makina ake. Palinso njira yogwiritsa ntchito ma enzyme ogaya mapuloteni, amene amaphwanya maselo pa kutentha kochepa, mafuta n'kuyandama okha.

Ngakhale atuluke mwa njira iti, mafuta a chiwindi amafunika kuyeretsedwa. Chiwindi ndi chiwalo chosefa zoipa m'thupi, ndipo poizoni wa m'nyanja wosungunuka m'mafuta, monga dioxin ndi PCB, amaunjikana mmenemo. Mafakitale amamuchotsa ndi makala apadera oyamwa zoipa komanso potcheza mafutawo m'makina opanda mpweya. Kuyeretsaku kumachotsanso mbali ya mavitamini, choncho makampani ambiri amathiramo vitamini A ndi D pamapeto kuti afike pa mlingo wolembedwa pa botolo.

Phunziro la shaki

Mu 1940 Germany italanda Norway, mafuta a cod anasowa m'mayiko ambiri. Pa nthawiyo n'kuti zitadziwika kale kuti chiwindi cha shaki wotchedwa soupfin, wa m'mbali mwa nyanja ku California, chili ndi vitamini A wambiri zedi. Mitengo inakwera, mabwato anachuluka, ndipo m'zaka zochepa shakiyo inatha mphamvu m'nyanjamo. Malondawa anagwa pamene Otto Isler ndi anzake a ku kampani ya Hoffmann-La Roche ku Switzerland anapanga vitamini A m'labotale mu 1947. Lero shaki za m'nyanja yakuya zikuphedwabe chifukwa cha mafuta a squalene a m'chiwindi chawo, ofunika m'zodzoladzola, ngakhale kuti mafuta omwewo akhoza kupangidwa kuchokera ku maolivi ndi nzimbe. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, amene taona chambo chikuchepa ndi kukwera mtengo, tikudziwa mmene nkhani yotere imathera.

Zimene zikutikhudza ngati a Adventist

Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14 amalola nsomba zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Cod ndi halibut zili m'gulu limeneli. Shaki, monganso mlamba ndi kampango, siili m'gulu la zodyedwa. Botolo longolembedwa kuti mafuta a chiwindi cha nsomba popanda kutchula mtundu wa nsombayo likuyenera kufunsidwa. Khungu la makapisozi ambiri ndi la gelatin, amene amachokera ku ng'ombe, nkhumba kapena nsomba, ndipo makampani ena amalemba gwero lake, ena salemba. Kwa amene sadya nyama iliyonse, pali mafuta a DHA ndi EPA ochokera ku ndere za m'nyanja. Kumeneko ndi kumenenso nsomba zimawatenga kudzera m'zakudya zawo.

Funso lina ndi lakuti kodi tikuwafunadi mafutawa. Khungu lathu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo kuno dzuwa silisowa monga limasowera ku Norway m'nyengo yozizira. Shuga ndi mafuta ophikira a m'masitolo muno amathiridwa vitamini A motsatira malamulo a dziko. Ana osafika zaka 5 amalandiranso makapisozi a vitamini A ku sikelo. Mbatata yofiira m'kati, maungu, mango, mapapaya, bonongwe ndi chisoso zimapatsa thupi zopangira vitaminiyu, ndipo usipa ndi matemba timazidya zathunthu, ndi chiwindi chomwe.

Vitamini A wochokera ku chiwindi satuluka m'thupi ndi mkodzo. Amasungidwa, ndipo akachuluka amapweteketsa mutu, amawononga chiwindi ndi kufooketsa mafupa. Kwa mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, akhoza kulumalitsa mwana ali m'mimba, ndipo n'chifukwa chake a zaumoyo ku Britain amalangiza amayi oyembekezera kuti asamwe mafuta a chiwindi cha nsomba. Mpingo wathu umaphunzitsa kudziletsa, kutanthauza kusiyiratu zovulaza ndi kugwiritsa ntchito zabwino pa mlingo wake. Mayi uja akadzakufunsani ku chipatala, tengani botolo lake, werengani kuchuluka kwa vitamini A kumene kwalembedwapo, mufunseni mankhwala ena amene akumwa kale, ndipo musamulole kuyamba mafutawo asanaonane ndi dokotala kapena namwino wa ku sikelo ya amayi.